Fomu Yolembedwa ndi Dzanja la Kettie

Envulopu anakaitenga Lachitatu masana. Pakoleji yaing'ono ya ku Area 25 pamene Nedson Kalilangwe ankaphunzitsa luso la kulemba, panali lamulo lakuti ophunzira akamamaliza kosi yawo azidzaza mafomu onena maganizo awo pa kaphunzitsidwe ka mphunzitsi. Dzina salembapo. Mafomuwo amatsekeredwa kuofesi mpaka zotsatira za mayeso zitatuluka, ndipo pakatha mwezi wina m'pamene mphunzitsi amaitanidwa kudzawatenga. Cholinga chake akuti n'chakuti wophunzira anene zakukhosi mosaopa.

Amene anakonza lamuloli anaiwala chinthu chimodzi. Mphunzitsi wa zolembalemba amalidziwa dzanja la wophunzira aliyense kuposa nkhope yake.

Nedson sanathamangire kutsegula. Sanali munthu wothamangira zinthu. Anafika kunyumba, navula nsapato, n'kutereka tiyi, kenako n'kukakhala pakhonde, pampando umene ankakhalapo masana alionse chimwalirire mkazi wake Rachel zaka zinayi zapitazo. Mpando winawo, wa Rachel, unali pomwepo. Ankaupukuta fumbi, koma palibe ankakhalapo.

Kalasi imene inadzaza mafomuwa inali ya akuluakulu ophunzira Loweruka lokha: madalaivala, amayi a bizinesi, alembi a m'mipingo. Mmodzi mwa iwo anali Kettie, telala wa ku Kawale, mayi wa zaka pafupifupi makumi anayi amene banja lake linatha kalekale. Miyezi isanu yonse ya kosiyo Nedson sananene kanthu kwa iye kupatula za ndime ndi mitu ya nkhani. Zotsatira zitatuluka, anatenga thalauza lake labwinobwino n'kupita nalo ku Kawale, akuti likakonzedwe.

Kettie analitembenuza uku ndi uku. "Thalauzali lilibe vuto, aphunzitsi," anatero. "Koma khalani pansi. Mwina vuto lili ndi mwini wake."

Kuyambira pamenepo, poti koleji inali patchuthi, Loweruka lililonse linkamupeza ku Kawale. Tsopano nkhani inali itakula. Lamlungu likubwerali ankayenera kupita ndi Kettie ku Area 23 kukamuonetsa kwa achemwali ake aakulu, a Janet. Iwowo akavomera, njira ya kwa ankhoswe idzakhala yotseguka. Akapukusa mutu, pabanja lonse la a Kalilangwe palibe angadzayerekeze kunena zosiyana.

Anang'amba envulopu ija n'kuyamba kuwerenga.

"Bolopeni yanu yofiira muichepetse. Pepala limabwera ngati lachokera kophera mbuzi."

"Nkhani imodzi kuilemba katatu, ngati tikuchapa matewera. Komabe pano abusa akumatha kuwerenga malipoti anga osandiitana."

"Kalasi iziyamba naini koloko. Enafe timachokera ku Chinsapo, minibasi ziwiri." Ili linali dzanja la Salama, amene Nedson ankadziwa kuti amakhala kuseri kwa koleji komweko. Kapena anasamuka, anaganiza, napitiriza.

Kenako kunabwera fomu ya a Josiah, dalaivala wa lole wa zaka zoposa makumi asanu, amene anali woimira kalasi. A Josiah ankalemba mokanikiza mpaka bolopeni kuboola pepala.

"Tsiku limene munawerenga nkhani yanga mokweza, munaima pakati n'kuyang'ana pawindo kanthawi. Ndinadziwa kuti mwaimva. Chibadwire palibe anandimvetserapo choncho. Musasinthe kanthu. Koma muzidya musanabwere m'kalasi, kolala ya malaya yayamba kukukulirani."

Nedson anaseka yekha. A Josiah ndi nthabwala zawo! Anaika pepalalo pambali kuti adzawaseke nalo akadzakumana.

Fomu yotsatira sanafunikire kuganiza kawiri. Zilembo zazing'ono, zopendekera kumanzere, zoyenda mumzere ngati msoko wa makina. Anamwako tiyi kaye, ngati mmene munthu amasungira nthuli ya nyama kuti adye pomaliza, kenako anawerenga.

"Ntchito amaidziwa, koma ndi munthu wozizira. Mtima wawo anausiya kumanda pamodzi ndi akazi awo, m'kalasi amangobweretsa jekete. Amafuna wowaphikira, osati wowakonda. Malemuwo akanakhala achifundo bwenzi atawamasula. Womvetsa chisoni ndi mkazi amene adzalowe m'nyumba imeneyo, chifukwa mwini wake sanachokemo."

Anawerenga katatu. Mphepo ya Ogasiti inkauluzira fumbi pakhondepo, tiyi anazizira, ndipo ntchentche inatera pamlomo wa kapu osaiingitsa. Sanakwiye. Anangoyang'ana mpando wa Rachel, n'kuyang'ananso pepala, n'kumva manyazi ngati munthu amene wayenda tsiku lonse m'tauni malaya atang'ambika kumsana, aliyense akuona koma osamuuza.

* * *

Dzuwa lisanalowe foni inalira. Unali uthenga wa Kettie.

"Mwaswera bwanji? Chilundu cha Lamlungu ndamaliza, changotsala mabatani. Achemwali anu amakonda chiyani? Ndisapite chimanjamanja ngati mwana wosalangizidwa."

Nedson analemba, nafufuta. Analembanso, nafufutanso. Pomaliza anatumiza mawu awiri okha: "Ndaswera. Ndidzakuuzani."

"Muli bwinobwino koma?"

Uwu sanayankhe.

Patangopita kanthawi kunabwera uthenga wina, wochokera kwa Tina. Tina analinso m'kalasi yomwe ija, mtsikana wa saluni ku Biwi, amene nthawi zonse ankakhala kutsogolo ndipo ankakhala ndi funso kalasi ikatha, anzake onse atatuluka. Kawiri konse anabweretsera Nedson mandasi m'kabakuli, ndipo kawiri konse Nedson anawagawira kalasi yonse.

"Aphunzitsi anga, ndamva kuti mafomu atuluka. Musakhumudwe ndi zolemba anthu ena. Ena amaseka nanu pamaso koma kumbali akukudyani miseche. Ife ena timakudziwani kuti ndinu munthu wabwino. Mukafuna wocheza naye, Biwi si patali."

Nedson anadabwa kuti mtsikanayu wadziwa bwanji msanga chonchi, koma mutu wake unali kwina. Anayankha kuti zikomo, naika foni chafufumimba patebulo.

Chimene chinkamuzunguza chinali deti la pafomupo. Kettie analemba zimenezi mu Juni, thalauza lija lisanapite ku Kawale. Ngati ankamuona choncho, anamulandiriranji? Chifundo? Tiyi yense uja, kuseka konse kuja, kunali kudyetsa wodwala? Nedson anali atapirira zambiri pamoyo wake, koma kumveredwa chisoni ndi mkazi amene ankafuna kumukwatira ankaona kuti sangakwanitse.

* * *

Lachinayi masana anakwera minibasi ya m'tauni, n'kusintha kudepoti kukwera ya ku Area 23. Anawapeza a Janet atangofika kuchokera ku Mvano, bulauzi yoyera isanavulidwe, akusadzula nkhwani pakhonde.

"Munthu wobwera Lamlungu akatulukira Lachinayi, ndiye kuti zinthu sizili bwino," anatero a Janet, osadzuka. "Khalani, achimwene. Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino. Ndimati za Lamlungu zija tiziimike kaye."

"Mayi wa makina uja wathawa?"

"Sanathawe."

"Ndiye mwathawa ndinu?"

Nedson anayang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pafupi ndi mpopi.

"Ine ndinakulerani," anatero a Janet. "Muli mwana, mukaswa mbale munkakhala chete chomwechi, kudikira kuti mbaleyo ilumikizike yokha. Nenani."

Akanatha kunena kuti ntchito yachuluka. Akanatha kunena kuti Kettie wadwala. Koma bodza silinkamukhala, ndipo pepalalo linali litamulemera m'thumba usiku ndi usana. Analitulutsa n'kuwapatsa.

A Janet anapukuta manja pachitenje, nalitalikitsa, naliyandikitsa. "Magalasi ndawaiwala kutchalitchi. Dikirani." Anatenga foni yawo, n'kulijambula pepalalo, n'kukulitsa zilembo ndi zala ziwiri monga ankachitira ndi makalata a kuchipatala. Milomo yawo inkayenda powerenga. Atafika pa mawu onena za malemu, inasiya kuyenda.

"Walemba ndi iyeyo?"

"Dzina palibe. Koma dzanja ndi lake."

"Rachel ndinamusambitsa ndine tsiku lomaliza," anatero a Janet motsitsa mawu. "Mlamu wanga uja sanalakwirepo munthu. Ndiye lero abwere wina, wosamudziwa ngakhale nkhope, n'kumati alibe chifundo? Ali m'manda?"

"Achemwali..."

"Tina uja, amene amandiluka tsitsi ku Biwi, anandiuzapo. Anati amayi, mayi ameneyo ali ndi pakamwa, musamale. Ine ndinkati ndi nsanje za atsikana. Kani mwana uja ankanditsina khutu."

"Nkhaniyi ithere pano, chonde. Ndikufuna ndiganize kaye."

"Ine ndine mwana?" anatero a Janet, namubwezera pepala. "Ganizani. Koma poganizapo muzikumbukira kuti muli ndi Mayankho. Mwana uja mayi ake sangatukwanidwe iye ali moyo."

Mayankho anali mwana yekhayo wa Nedson, ndipo ankaphunzira unamwino ku Mzuzu. Za Kettie anali atangomva pang'ono, ndipo yankho lake linali lakuti, "Ndikadzawaona ndidzanena."

Lachisanu lonse Nedson sanatuluke pakhomo. Kettie anaimba kamodzi m'mawa. Foni inalira mpaka kusiya yokha, ndipo sanaimbenso.

* * *

Loweruka m'mawa anapita kumsika wa Nsungwi kukagula tomato. Ali mkati mosankha, wina anamuomba paphewa.

"Aphunzitsi! Tomato mukusankhabe nokha? Ife timayesa pofika pano munapeza kale wokuthandizani."

Anali a Josiah, chipewa chili chammbali, chinangwa chootcha chili m'manja.

Nedson anayesetsa kumwetulira. "Zikomo chifukwa cha malangizo anu, a Josiah. Ndayamba kudya ndisanachoke pakhomo. Kolala ikhala bwino posachedwa."

A Josiah anamuyang'ana, chinangwa chili pakamwa. Kenako anaphulika ndi phwete mpaka kugwira m'mawondo, amayi a tomato n'kutembenuka onse.

"Mayo ine! Bwana, ine ndi ndevu zangazi ndiziyang'ana kolala ya mwamuna mnzanga? Akazi anga atamva, ndigona kulole."

"Koma dzanja ndi lanu."

"Dzanja ndi langa, mawu ndi a eni ake. Inu mumatiyesa ana? Miyezi isanu mwakhala mukuwerenga zolemba zathu, ndiye atiuze kuti mukapanda kulemba dzina simudziwika? Atangotisiya tokha m'kalasi muja, ine ndinati anzanga, apa tichenjere, aphunzitsi athuwa ndi apolisi a zilembo. Tinakoka mipando n'kukhala mozungulira. Aliyense anong'oneze mnzake wa kumanja, ameneyo ndiye alembe. Lamulo linali limodzi: lemba zimene wauzidwa, usatsutse, usaulule."

Nedson anabwezera pamulu tomato amene anali m'manja mwake.

"Ndiye kuti Salama sanasamukire ku Chinsapo."

"Salama? Ali pomwepo kuseri kwa koleji. Wa ku Chinsapo ndi Collins."

"Kumanzere kwanu kunali ndani, a Josiah?"

"Aaa, tinalumbira, bwana." A Josiah anatafuna chinangwa, akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. "Ine sindiulula. Koma dzifunseni nokha: m'kalasi muja ndani amadziwa za makolala? Ndinatuluka thukuta polemba. Ndinati mayi, zimenezi ndilembedi? Anati lembani, mesa lamulo mwaika ndinu."

"Nanga kumanzere kwa Kettie?"

"Apo ndiye mundiphetsa. Ndingoti mpando umenewo unalimbiranidwa. Salama anali atakhalapo kale, wina anabwera n'kumuchotsa, akuti pawindo pakumuomba mphepo. Wina wake wonunkhira mafuta a tsitsi." A Josiah anasiya kuseka. "A Kettie ndinawaona polemba. Anaima kawiri, bolopeni ili m'mwamba. Atamaliza anatuluka panja, akuti kwatentha. Mu Juni, bwana. Enafe tili m'majuzi."

"Abambo, tomatoyu mugula kapena mukungomusisita?" anafunsa mayi wogulitsa.

Nedson anapepesa. Anatembenuka n'kuyamba kulowera kusiteji ya minibasi.

"Ine sindinanene kanthu!" anakuwa a Josiah kumbuyo. "Ndipo bolopeni yofiira ija ndiye ine! Ichepe!"

* * *

Shopu ya Kettie inali kachipinda kamodzi pambali pa golosale ku Kawale 2. Makina ankamveka munthu asanafike pakhomo. Pakhoma panali patapachikidwa chilundu chobiriwira, mabatani atasokereredwa kale.

Kettie anamuona, koma mapazi sanasiye kupalasa mpaka msoko utafika kumapeto. Anadula ulusi ndi mano.

"Mwabwera ndi thalauza lina?"

"Ndabwera ndi mapepala awiri."

Anawaika pamakina. Kettie anayang'ana lolembedwa ndi dzanja lake, koma sanalikhudze.

"Ndiye lafika," anatero.

"Munkadziwa kuti lidzafika."

"Ndinkadziwa. Ndakhala ndikuliyembekezera ngati tsiku lokazula dzino. Khalani pansi, mukunditchinga kuwala."

Nedson anakhala pabenchi ya makasitomala. "Ndakumana ndi a Josiah."

"Bambo aja pakamwa pawo palibe chitseko."

"Bwanji simunandiuze, Kettie?"

"Ndikanayamba bwanji? Ndikanati aphunzitsi, kukubwera pepala lonena zakutizakuti, n'kuwabwereza mawu amenewo ndi pakamwa panga? Kulemba kokha kunandikwana."

"Mukanakana kulemba."

"Ndikanakana, Tina akanaimirira pakati pa anthu n'kufunsa kuti a Kettie, zikukupwetekani chifukwa chiyani? Paja nthawi imeneyo zotsatira zinali zisanatuluke. Mawa lake nkhani ikanafika kuofesi yakuti aphunzitsi ali ndi wawo m'kalasi. Mukanavutika chifukwa cha chinthu chimene munali musanachinene n'komwe. Mtsikana uja ankadziwa chimene ankachita. Ankanong'ona akumwetulira."

Anatola kansalu pansi n'kuyamba kupukuta makina amene analibe fumbi.

"Koma chachikulu sichimenecho. Ine ndinkati mudzadziwa. Sabata yoyamba munatiuza nokha kuti munthu aliyense ali ndi kalankhulidwe kake papepala, kuti ngakhale atalemba pakompyuta mukhoza kumuzindikira. Ndinalemba m'kope, ndikhoza kukuonetsani. Ndiye ndinkadzilimbitsa mtima kuti munthu ameneyu wawerenga nkhani zanga khumi ndi ziwiri. Adzaona dzanja langa, adzaseka, adzati uyu si Kettie. Kenako adzaona za kolala, adzasekanso."

"Ndinaseka," anatero Nedson. "Koma ndinkaseka a Josiah."

Kettie anafuna kuti asaseke, koma kukamwa kunamukanika. Anatembenukira kukhoma.

"Nkhani imene munaima pakati ija," anatero, "inali ya makina awa. Mmene mayi anga anawasenzera pamutu kuchokera ku Dedza boma mpaka kumudzi, mvula ikugwa, atawafunditsa chitenje chawo iwo akunyowa. Mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Ndinaima chifukwa mawu akananditsamwa pamaso pa kalasi."

Kunja kunadutsa wa kabaza akuliza belu. Nedson anapinda manja pamawondo. Zolankhula za mtundu uwu zinkamuvuta kuposa kuchonga mapepala zana.

"Ndinalakwa," anatero. "Ndinaona dzanja, mawu sindinawamvetsere. Ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Ndinakhulupirira msanga poti ndinaona ngati akunena zoona. Mpando wa Rachel uli pakhonde mpaka lero. Ndimaupukuta. Madiresi ake ena akadali m'sutikesi. Nditawerenga ndinati basi, mayiyu wandiona mmene ndilili, ndipo akungondimvera chisoni."

"Ine chisoni ndimamvera makasitomala obwera ndi nsalu yochepa," anatero Kettie. "Mpandowo ukhale. Sindikudzalimbirana mpando ndi malemu. Ndili nawo wanga uwu, ndidzabwera nawo."

Anamenya kampando kake ka matabwa ndi chikhatho. Nedson anakayang'ana kampandoko, kokutha mbali imodzi, kali ndi kapilo ka zigamba, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachitatu anapuma mpweya wonse.

"Munafunsa zimene achemwali amakonda," anatero. "Amakonda chikondamoyo. Chopanda shuga wambiri."

"Mwayankha patatha masiku atatu."

"Ndimalemba katatu."

Apa Kettie anaseka ndithu. Anadzuka, natenga tepi imene inali m'khosi mwake, n'kuizunguliza pakhosi pa Nedson, maso ali pamanambala.

"Musagwedezeke. Mawa simungapite kwa achemwali ndi kolala yolendewera chonchi, angati sindikuona. Mundisiyire malayawa, ndikubwerekani a kasitomala."

"Ndiwaimbire kaye, ndiwauze kuti za mawa zilipo."

Tepi inaima. "Kani zinali zitaimitsidwa? Liti?" anafunsa Kettie.

Nedson asanayankhe, foni inalira m'thumba. Anali Mayankho.

"Adadi, mwaona pagulupu?" M'kachipinda kaja mawu a mwanayo ankamveka bwinobwino. "Mayi ameneyu ndi amene mukufuna kutibweretsera? Amayi anamulakwira chiyani?"

"Mayankho, dekha. Gulupu yake iti?"

"Ya banja! Anti a Janet aika chithunzi. Amalume a ku Ntcheu aona, akuti akwera basi ya m'mawa. Ine ndinali m'kalasi, adadi, ndatuluka ndikulira pamaso pa anzanga."

"Mwana wanga, nkhaniyi si mmene ikuonekera. Ndikufotokozera."

"Dzanja ndi lake kapena si lake?"

Nedson anatseka maso. "Ndi lake. Koma..."

Foni inadulidwa.

Anatsegula gulupu ya banja pa WhatsApp, imene ankangoitsegula pakagwa maliro kapena ukwati. Chithunzi chinali pomwepo, zilembo zazing'ono zopendekera kumanzere, zooneka bwino kuposa papepala penipeni. Pansi pake panali mauthenga oposa makumi atatu, a abale ake ndi a kwawo kwa Rachel omwe. Womaliza unali wa a Janet, wolembera iyeyo.

"Achimwene, pepani, sindikanatha kusunga ndekha. Mawa mubwere nokha. Alamu anu akubwera. Ndaitananso Tina adzatifotokozere bwino za mayiyu, poti anali naye kalasi imodzi."

Kettie anawerenga ali chiimire pambali pake. Anachotsa tepi pakhosi pa Nedson pang'onopang'ono, n'kuikulunga pa zala.

"Munawaonetsa," anatero.

"Lachinayi."

"Ine musanandifunse."

"Inde."

Kettie anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu n'kuona kuti ndi womwewo ankauganizira. "Ndiye mboni ya mawa ndi mwini wake mawu. Zakhala bwino."

"Ndikawauza zonse. Ndiwatenga a Josiah. Ndikaonetsa pepala la kolalali." Nedson anali atayamba kale kulemba, ndipo ulendo uno sanafufute kanthu. Anamuonetsa Kettie. Mawu anali awiri: "Tibwera awiri."

Chala chake chili pafupi kutumiza, Kettie anamugwira padzanja.

"Musanatumize, mundiyankhe chinthu chimodzi. Kwa achemwali anu ndikhoza kupita. Alamu anu sindikuwaopa, Tina ndiye ayi. Mwana wanu ndimupepesa ngakhale sindinalakwe, chifukwa mayi ndi mayi. Koma ndikakaima pakhomo paja, ndikufuna ndidziwe amene waima pambali panga." Anamuyang'ana m'maso. "Mukanapanda kukumana ndi a Josiah lero, mukanabwera kuno?"

Nedson anatsegula pakamwa. Yankho labwino ankalidziwa, linali lalifupi, ndipo mwamuna wina aliyense akanalinena mosaphethira. Koma bodza silinkamukhala.

Kettie anadikira. Kenako anamusiya dzanja, nabwerera pakampando kake, n'kulowetsa ulusi pasingano kamodzi kokha.

"Malayawo musiye pabenchipo," anatero. "Kolala ndibweza, ndinalonjeza."

Makina anayamba kulira. Nedson anakhala pomwepo, foni ili m'manja, mawu awiri aja akadali osatumizidwa.